Mmene mungasankhire tabuleti ya mwana osataya ndalama zanu pachabe

Chaka chatha nditagulitsa kachewere wanga kuno ku Ulongwe ndinati ndimugulire tabuleti mwana wanga wamkazi yemwe ali kalasi 3, aziphunzirirapo kuwerenga Chipwitikizi. Ndinaipeza pamsika, yapinki, ili ndi makutu amphira ngati kalulu, pabokosi atalemba 64GB. Sindinaiyatse nkomwe, ndinangolipira nkukwera chapa wa kumudzi. Sabata isanathe yayamba kulemba kuti malo adzaza pomwe tangoikamo timapulogalamu titatu, pofika miyezi iwiri kumbuyo kwake kwatupa ngati chitumbuwa, batire lafufuma. Nditabwerera kwa wogulitsa uja anangoti mwana wanu waigwetsera mmadzi, ndipo risiti ndinalibe. Mwanayo analira masiku awiri, zimenezo zinandipweteka kuposa ndalamayo. Ulendo wachiwiri ndinayenda mwa dongosolo ndipo ndi lomwe ndikufuna ndikugawireni makolo anzanga, kaya muli ku Moatize, ku Tsangano, ku Furancungo kapena mutauni ya Tete momwemo.

Choyamba, mwanayo ali ndi zaka zingati?

Funso ili lisakupiteni. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2019 oti mwana wosakwana zaka 2 asamakhale pansi kuonera sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapyole ola limodzi patsiku. Nde ngati mwana wanu akadali wa kumbuyo, ndalamayo mugulireni bulangeti ndi zakudya, tabuleti idikire. Amene wayamba sukulu, wazaka 6 mpaka 9, imamukwanira ya mainchesi 8 chifukwa imapepuka, manja satopa, ikagwa siiphwanyika msanga ngati zikuluzikulu zija. Wa ku sekondale amene aziwerenga mabuku a PDF ndi amene akufunika ya mainchesi 10 kapena 11.

Chachiwiri, ganizirani magetsi ndi nyengo ya komwe mukukhala

Magetsi akuchokera konkuno ku Cahora Bassa koma tonse tikudziwa kuti midzi yambiri nthambo sizinafike, anthu amadalira kasola kapena kukachajitsa pagolosale. Ngati muli mgulu limeneli batire ndiye nkhani yaikulu kuposa kamera, kuposa mtundu, kuposa chilichonse. Yang'anani nambala ya mAh, yomwe imasonyeza kuchuluka kwa moto womwe batire limasunga. Ya mainchesi 8 ikhale ndi 5000 kapena kuposa, yaikulu ikhale cha mma 7000. Mwachitsanzo Samsung Galaxy Tab A9 ili ndi 5100 ndipo A9+ ili ndi 7040, sindikuti mugule zimenezi ayi, ndikungofuna mukhale ndi poyezera mukamaona zina za Lenovo kapena itel. Mukaona katabuleti kotchipa kopyapyala atalemba 10000 mAh chenjerani, mwina pali bodza penapake.

Pobayira chaja pakhale pa USB-C, paja pobulungira mbali zonse, chifukwa mwana amangobaya osayang'ana ndipo pakale paja pamagwedera msanga. Ndipo inu amene mumakonda kukagula ku Dedza kapena kudutsa pa Zóbuè, chaja cha ku Malawi chimakhala cha mano atatu aphwatalala, sichilowa mmasoketi athu a timabowo tiwiri, mugulirenitu adaputa.

Kutentha nako kumapha batire. Kuno ku Angónia tili ndi mwayi kumazizira, koma mutauni ya Tete ndi ku Moatize mwezi wa Okutobala ndi Novembala dzuwa limapyola madigiri 40, tabuleti kuisiya pawindo kapena mnyumba ya malata ili pa chaja masana ndi kuiphika dala.

Chachitatu, ya SIM kapena ya Wi-Fi yokha?

Matabuleti ambiri amabwera mitundu iwiri ndipo ogulitsa ena sakuuzani mpaka mutafunsa. Ya Wi-Fi yokha imatsika mtengo koma siilowa khadi, kuti ipeze intaneti muyenera kumaigawira kuchokera pa foni yanu. Anthu ambiri amaona ngati chimenechi ndi chilema koma ine kwa mwana wamng'ono ndimakonda yomweyi, chifukwa mamega ali mmanja mwanga, ndikazimitsa hotspot basi intaneti yatha. Ya SIM ndi yabwino kwa mwana wamkulu amene akukhala kwa achibale kapena kugonera kusukulu. Ikatero onetsetsani kuti ndi ya 4G, ndipo sankhani netiweki imene imagwira pakhomo panu, kwina ndi Movitel, kwina Vodacom kapena Tmcel, funsani aneba osati wogulitsa.

Chachinayi, zamkati, ndipo apa ndi pomwe ine ndinagwa

Pali manambala awiri. RAM ndi yomwe imachititsa kuti tabuleti iyende msanga kapena izijama, malo osungira ndi nkhokwe ya mavidiyo ndi mabuku. RAM ya 2GB masiku ano ndi mavuto okhaokha, mwana akadina amadikira mpaka kukwiya nkuyamba kumenya sikirini, pezani 3GB kapena 4GB. Malo osungira asachepere 32GB, 64GB ndiye bwino kwambiri poti mbali ina imadyedwa kale ndi Android mwini wakeyo, komanso pakhale polowetsa memori khadi kuti muziika zinthu zoonera popanda intaneti.

Koma zolembedwa pabokosi musazikhulupirire. Yatsani, lowani mu zokonzera (Definições), pitani pa malo osungira (Armazenamento) muone zomwe ikunena, kenako pa Acerca do tablet muone Android wake ndi nambala chani. Akakhala wakale kwambiri mapulogalamu atsopano azikana kulowa, ine sindingatenge yochepera Android 13. Chomvetsa chisoni nchakuti timatabuleti tina topanda dzina amatikonza kuti ngakhale mmenemo tiziname, nde pali njira ina yomwe ndinaphunzira mochedwa. Tsegulani Play Store, lowani mu zokonzera zake, tsikani pansi pomwe pali za Play Protect, pamayenera kulemba kuti chipangizochi ndi chovomerezeka. Pakalemba kuti sichovomerezeka, kapena Play Store mulibemo, bwezani pashelefu. Ndi chifukwa chake ndimati dzina lodziwika la chaka chatha liposa chopanda dzina chonyezimira cha lero.

Achibale a ku Joni kapena kunja nthawi zina amatumiza Amazon Fire. Ndi yolimba ndithu koma siibwera ndi Play Store, ili ndi sitolo yakeyake, mudziwiretu. iPad ndi yabwino koma mtengo wake ndi wokonzetsa ikasweka, ambirife sitingaukwanitse.

Chachisanu, musatulutse ndalama musanaigwire

Mu loja khalani pansi, musachite manyazi ngakhale wogulitsa akuonetsa kutopa, ndalama ndi yanu. Yendetsani chala pa sikirini yonse mpaka mmakona muone ngati paliponse pakumva. Kwezani kuwala mpaka kumapeto mutuluke nayo pakhomo, ngati simukuona kanthu padzuwa ndiye mwana azingotsinzinira. Imbitsani nyimbo mumve sipika, bayani chaja muone ngati ikulandira moto osagwedeza waya, igawireni intaneti ya foni yanu mutsegule vidiyo kwa mphindi zisanu kenako mugwire kumbuyo, ikatentha kwambiri pa kanthawi kameneko isiyeni. Igonekeni patebulo, ikamagwedera kapena sikirini ikaoneka yotukuka mmbali ndiye kuti batire layamba kale kutupa.

Yogwiritsidwapo kale ntchito siyoipa, zina ndi zabwino kuposa zatsopano zotchipa, koma mwini wake achotse akaunti yake ya Google inu mukuona, aifufute yonse, muyiyatsenso limodzi mpaka ifike poyambira. Mukapanda kutero tsiku lina idzakufunsani pasiwedi ya munthu yemwe simukudziwa komwe ali.

Kenako risiti. Ilembedwe dzina la loja, tsiku, mtundu wa tabuleti ndi nambala yake ya siriyo, komanso garantia ndi ya miyezi ingati. Akakana kulemba tulukani. Ngati mwalipira pa M-Pesa kapena e-Mola uthenga uja musaufufute.

Chachisanu ndi chimodzi ndi chachifupi: kava ya mphira yokhuthala mmakona ndi galasi lotchinga sikirini mugule tsiku lomwelo, mwana asanaikhudze. Funsani ngati kava ya mtundu umenewo ikupezeka musanagule tabuletiyo, zina mumazungulira Tete yense osaipeza.

Chomaliza, ikonzeni kaye inuyo usiku mwana atagona

Ambiri timangofika nkumupatsira mwana ili mbokosi, mawa lake mukupeza ali pa mavidiyo oti ngakhale inu simungaonere pamaso pa apongozi. Ikani pulogalamu ya Google Family Link pa foni yanu, ndi yaulere, mumutsegulire mwanayo akaunti yakeyake mulembe zaka zake zenizeni, osamuikira akaunti yanu. Mukatero mumatha kuika maola oti agwiritse ntchito patsiku, nthawi yoti itseke yokha usiku, ndipo akafuna kukopera gemu iliyonse pempho limabwera kaye pa foni yanu kuti muvomere kapena mukane. YouTube wamba mutsekeni, ndipo ngati YouTube Kids ikupezeka pa Play Store yanu muike imeneyo. Ngati ndi ya SIM musaikemo khadi yanu yomwe ili ndi ndalama za e-Mola kapena M-Pesa, mugulireni ina, ana amadina paliponse ndipo kiredito imangotha osadziwa yapita kuti.

Chiyankhulo ikani Chipwitikizi poti mayeso adzalemba mmenemo, ngakhale sukulu yake ili ya zinenero ziwiri zija zoyambira mu Chinyanja. Pulogalamu yomwe yamuthandiza kwambiri mwana wanga ndi Read Along ya Google, mwana amawerenga mokweza iyo nkumamumvetsera ndi kumukonza akalakwitsa, ili ndi Chipwitikizi ndipo mukakopera nkhanizo kamodzi imagwira popanda intaneti. Katchulidwe kake nthawi zina kamasiyana ndi ka aphunzitsi athu kuno, nde muzikhala naye pafupi masiku oyamba. Kwa wa ku sekondale pali Kiwix yomwe imasunga Wikipedia mu tabuleti momwemo, mukopere pamalo pomwe pali Wi-Fi chifukwa mafayilo ake ndi aakulu, angakumalizireni mamega a mwezi wonse.

Kwathu kuno timachita chonchi, akaweruka amayamba watsuka mbale ndi kulemba ntchito ya kusukulu mkope, kenako ndimamupatsa ola limodzi atakhala pakhonde pomwe ndikumuona, mng'ono wake atatsamira paphewa pake kumvetsera nawo. Ikakwana 7 koloko madzulo imatseka yokha, amabwera nayo yekha kuchipinda kwanga, ndimaichaja mmawa kukadali kozizira pa kasola kathu nkuiika mu kabati.