Momwe mungatetezere phingo ku mbuzi mpaka atakula

Phingo, mtengo wakuda mkati uja amasemera ziboliboli, akusowa kuno ku Mangochi. Ambiri amaloza chala osema, koma pitani kutchire cha ku Nankumba mu Seputembala mukaone: mphukira zonse n'zobudulidwa ndi mbuzi ndi ng'ombe zomwe zimalekereredwa anthu akakolola. Mtengowu umatenga zaka zoposa 70 kuti ukhwime, ndipo kuyambira 2017 malonda ake opita kunja amayendera malamulo a CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zomwe zili pangozi yotha. Komabe lamulo silingaletse mbuzi.

Musathamangire kufesa. Yambani mwayendera m'munda ndi m'malire kufuna zitsa za phingo zomwe zikuphukira, mudzazizindikira ndi minga komanso timasamba tating'ono. Izi zili kale ndi mizu, zimakula msanga kuposa mbande. Siyani mphukira ziwiri zamphamvu, zinazo sadzani.

Ngati zitsa palibe, tolani nyemba zake zikangouma, anankafumbwe asanaboole, n'kufesa chaka chomwecho. Machubu akwera mtengo, mapaketi a shuga oboola pansi amagwira bwinobwino. Chenjerani ndi anyamata ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu, ena amakupatsani mtengo wina uliwonse wa minga n'kumati ndi phingo. Funsani alangizi a zankhalango musanatulutse ndalama.

Ntchito yeniyeni ili pa mpanda. Wanga woyamba unali wa nsungwi ndi udzu, wooneka bwino ndithu. Chiswe chinadya mizati pansi osaonekera, tonde anangotsamira kamodzi mpanda n'kugwa, ndipo pofika madzulo panangotsala timitengo tosendeka khungwa. Ndiye mizati muziiwaula pamoto kumunsi musanazike, dzenje lifike m'chigongono, mutsindire ndi miyala. Udzu ayi, m'chilimwe ndi chakudya. Mpanda utalike kufika pachifuwa, ndipo utalikirane ndi kamtengo phazi limodzi lalikulu mbali zonse, chifukwa mbuzi imaima ndi miyendo yakumbuyo n'kusuzumira khosi lonse. Kunja kwake unjikani nthambi za kankhande kapena mthethe, minga iloze kunja. Waya wa nkhuku ndi wabwino kwa amene ali nazo, koma wotchipa uja amachita dzimbiri mvula imodzi yokha.

Uzaninso amfumu ndi eni ziweto oyandikana nanu kuti pamenepo pali mtengo wosungidwa.

Zotsalazo n'zodziwika. Lambulani kuzungulira mpanda moto usanayambe, onjezani minga chaka chilichonse, ndipo musapasule mpaka nsonga itapitirira pomwe ng'ombe imafika.