Mmene mungayesere ma forged iron, ndodo zachitsulo zosewerera gofu, musanagule

Choyamba dziwani kusiyana kwa ndodo za forged iron ndi za cast iron. Forged iron amaipanga potenthetsa chitsulo chofewa cha carbon steel, nthawi zambiri cha mtundu wa 1020 kapena 1025, kenako makina amachimenya mpaka chitatenga shepu, pomwe cast iron amangothira chitsulo chosungunuka mu chikombole basi.

Mukafika poyesera tengani 7 iron, ndodo yolembedwa nambala 7, iikeni pansi kumbuyo kwa bola muiyang'ane kaye. Ma blade, omwe ndi ma iron osakumbika kumbuyo, mutu wake ndi waung'ono, m'mphepete mwapamwamba ndi mopyapyala, ena amachita mantha akangoiona ndipo sindiwanena ayi.

Ndiye menyani mabola angapo, osati awiri okha. Mukamenya ndi pakatikati penipeni pa mutu wa ndodo mumamva kufewa m'manja, kaphokoso kake nkotsika, ngati bola yangosungunuka pachitsulopo, koma mukaphonya pang'ono n'kumenyera kunsonga zala zimanjenjemera ndipo bola imagwera pafupi, makamaka kukazizira eee zimawawa. Apa ndi pamene muyenera kudziuza zoona. Ngati mabola ambiri mukuphonya pakati, funsani forged ya cavity back, ya mutu wokumbika kumbuyo, imakhululukako ndithu mukaphonya, makampani a Mizuno ndi Titleist onse amapanga.

Ubwino wina chitsulocho nchofewa ndiye fitter, katswiri wokonza ndodo kuti zikuyenereni, amatha kupinda loft (kupendekeka kwa nkhope ya ndodo) ndi lie (mmene mpini waimira mutu ukakhala pansi) madigiri awiri osavutika. Kufewa komweko nkumene kumapangitsa kuti ndodozo zizikandana m'chikwama mukamayenda, ndipo loft imasuntha yokha pakapita nthawi, muzikayezetsa kamodzi pachaka. Mukamaliza kusewera pukutani ndi thaulo ziume, pamene chrome yonyezimira yokutira chitsulocho yatha dzimbiri silichedwa kugwira.