Kutolera mabuku akale a zophikaphika ndi kuphika zolembedwamo

Buku lakale la zophikaphika linalembedwera khitchini ya nthawi yake: uvuni wake, makapu ake, ufa wake, ngakhale nkhuku zake. Mukangotsatira zolembedwamo osasintha kanthu, keke imaphwa pakati, masikono amalimba, nyama imasanduka phala. Ntchito yaikulu ndi kudziwa kumene bukulo linasindikizidwa ndi chaka chake, chifukwa miyeso yonse imadalira zimenezo.

Kumene mungawapeze

Yambirani kwanu. M'masutikesi a amayi ndi agogo mumakhala makope olembedwa pamanja ochokera ku maphunziro a homecraft, ku Home Economics kapena ku magulu a amayi a kumpingo. Makope amenewa ndi ofunika kuposa mabuku ambiri osindikizidwa, popeza zophika zake zinayesedwa pa mbaula ndi pa mafuwa, ndi zinthu zopezeka kuno. Kenako pitani kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa misewu ku Blantyre, Limbe ndi Lilongwe, komanso kumene anthu osamuka akugulitsa katundu wa m'nyumba. Ofuna kungowerenga angafunse ku National Archives ku Zomba kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House. Mabuku akale kwambiri a ku Britain ndi ku America aliko aulere pa intaneti, pa Internet Archive ndi Project Gutenberg.

Musanapereke ndalama, onani mlozera wa kumapeto, musankhe zophika zisanu, muone ngati masamba ake alipo. Masamba amene amathothoka msanga ndi a makeke ndi buledi, chifukwa ndiwo ankatsegulidwa kwambiri. Linunkhizeni bukulo: fungo la chinyontho likutanthauza nkhungu, ndipo nkhungu imafalikira ku mabuku ena. Madontho a mafuta ndi zolemba za pensulo m'mbali zisakubwezeni. Tsamba lothimbirira kwambiri ndilo limasonyeza chophika chimene mwini wake ankachikhulupirira.

Kudziwa zaka za buku

Mabuku ambiri a magulu a amayi alibe chaka. Pali zizindikiro zothandiza. Buku lotchula Nyasaland kapena Northern Rhodesia ngati dziko lomwe lilipo linalembedwa chisanathe chaka cha 1964, ndipo lotchula Salisbury linalembedwa dzinalo lisanasinthe kukhala Harare mu 1982. Mtengo wa mashilingi ndi mapeni ukusonyeza kuti ndi la chisanafike chaka cha 1971, pamene Malawi anayamba kwacha ndiponso Britain anasintha kawerengedwe ka ndalama zake. Ku South Africa randi inayamba mu 1961. Nambala ya ISBN inayamba kufala cha m'ma 1970. Buku lolemba miyeso iwiri pamodzi, maaunsi ndi magalamu, nthawi zambiri ndi la m'ma 1970 kapena pambuyo pake. M'buku lotere sankhani mbali imodzi, musaphatikize, chifukwa olemba ankasintha pang'ono manambala kuti mbali iliyonse igwirizane payokha.

Miyeso, pamene ambiri amagwera

Zolemera sizivuta. Aunsi imodzi, yolembedwa oz, ndi magalamu 28, ndipo paundi, yolembedwa lb, ndi magalamu 454 kapena maaunsi 16. Sikelo yaing'ono ya batire imathetsa theka la mavuto onse.

Zamadzi ndiye zimasokoneza. Painti ya ku Britain, imene inkagwiritsidwanso ntchito kuno, ndi mamililita 568, pamene ya ku America ndi 473. Mukathira painti ya ku Britain m'chophika cha ku America, mwawonjezera mamililita 95. Mawu akuti gill m'buku la ku Britain ndi kota ya painti, mamililita 142. Teacup ndi pafupifupi 150, breakfast cup ndi theka la painti, pafupifupi 285. Kapu ya ku America ndi 237, ya masiku ano ya kuno ndi ku South Africa ndi 250.

Masupuni nawo ali ndi msampha wake. Masiku ano supuni ya tiyi ndi mamililita 5, dessertspoon ndi 10, supuni yaikulu (tablespoon) ndi 15, koma mabuku a ku Australia amawerenga yaikulu 20, ndipo ambiri a ku South Africa a m'ma 1970 amalemba 12,5. Chachikulu n'chakuti m'mabuku akale a ku Britain supuni ya zouma inkatanthauza yotumphuka, yokhala ndi ufa pamwamba wofanana ndi umene uli m'kati, kutanthauza masupuni awiri osalaza. Ku America kusalaza supuni ndi mpeni kunafala kuyambira pa buku la Fannie Farmer la 1896. Choncho werengani masamba oyambirira, pamene olemba ambiri amanena ngati supuni zawo ndi level (zosalaza) kapena rounded (zotumphuka). Batala "wa kukula ngati dzira" ndi magalamu 55 mpaka 60.

Moto

Mabuku akale satchula madigiri, amangoti slow, moderate kapena hot. Slow ndi pafupifupi 150°C, moderate ndi 180°C, hot ndi 200 mpaka 220°C, very hot ndi 230°C kupita m'mwamba. Quick oven ndi uvuni wotentha, osati nthawi yochepa. Pa manambala a uvuni wa gasi, Gas Mark 2 ndi 150°C, 4 ndi 180°C, 6 ndi 200°C, 7 ndi 220°C. Madigiri a Fahrenheit chotsanipo 32, muchulukitse ndi 5, mugawe ndi 9: 350 imakhala pafupifupi 177. Ngati uvuni wanu uli ndi fani, tsitsani ndi madigiri 20.

Ophikira pa mbaula ali pafupi ndi mabuku amenewa kuposa a uvuni wa magetsi, chifukwa olemba ake nawonso ankayesa moto popanda chida. Yalani mchenga wouma masentimita 3 m'poto wamkulu, muvundikire, muike makala ambiri pa chivundikiro ndi ochepa pansi. Pakatha mphindi 15, ikani supuni ya fulawa pa kambale kachitsulo m'katimo. Pa mphindi zisanu, fulawa akangosintha mtundu pang'ono, moto ndi wofatsa. Akafiira ngati khungu la buledi, ndi wapakati, woyenera keke. Akaderako kwambiri, ndi wotentha, wa masikono. Keke ikapserera pansi m'kati muli mwamuwisi, makala a pansi achuluka.

Palinso nkhani ya kukwera kwa malo, imene buku la ku London silingaitchule. Lilongwe ndi Blantyre zili pa mamita oposa pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, Dedza cha pa 1,600. Kumalo okwera madzi amawira asanafike 100°C, pafupifupi digiri imodzi kutsika pa mamita 300 aliwonse, ndipo mtanda umafufuma msanga usanalimbe, n'kuphwa. Pa supuni iliyonse ya baking powder chotsani gawo limodzi mwa magawo 8, ku Dedza mpaka kota. Onjezerani supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri pa kapu iliyonse ya mkaka. Jamu musamudikire kuti afike 105°C monga bukulo linenera, adzalimba ngati phula. Dontheretsani pang'ono pa mbale yozizira, mukankhe ndi chala pakatha mphindi imodzi. Akachita makwinya, wapsa. A ku Nsanje ndi Chikwawa asasinthe kanthu.

Zinthu zimene zinasintha

Sour milk kapena buttermilk ndi chambiko basi. Chikasowa, thirani supuni yaikulu ya madzi a mandimu mu kapu ya mkaka, mudikire mphindi 10. Soda amafuna chowawasa kuti agwire ntchito. Mukamuthira mu mkaka wamba popanda cream of tartar (ufa woyera wowawasa), chophikacho chimachita chikasu n'kumamveka sopo. Self-raising flour mungapange posefa pamodzi magalamu 150 a fulawa ndi masupuni a tiyi awiri osalaza a baking powder. Yisiti wa m'mabuku akale anali wamuwisi, wonga sopo wofewa: aunsi imodzi ya ameneyo ikufanana ndi magalamu 10 a yisiti wouma wa m'kapaketi.

Cornflour wa ku Britain si ufa wa nsima, ndi sitachi yoyera yokhuthalitsira msuzi. Cornmeal wa ku America ndiye ali pafupi ndi mgaiwa, ndipo ufa woyera suloweza bwino m'malo mwake. Suet ndi mafuta olimba a pa impso za ng'ombe, amene mungapemphe ku butchala. Lard ndi mafuta a nkhumba. Osadya nkhumba aike majarini wa njerwa, osati wofewa wa m'kontena wopaka pa buledi, chifukwa ameneyo ali ndi madzi ambiri. Mazira akale anali aang'ono ngati a nkhuku zakumudzi, motero buku likati asanu, aakulu a m'shopu anayi akwanira. Boiling fowl ndi thadzi lokalamba lofuna maola awiri kapena atatu. Nthawi imeneyo ndi ya nkhuku ya lokolo. Buloyila amaphwanyika ola lisanathe.

Chitsanzo: masikono

Tinene kuti buku la ku Britain lalemba 8 oz fulawa, theka la supuni ya tiyi ya soda, supuni imodzi ya cream of tartar, 2 oz batala, gill imodzi ya mkaka, hot oven. Pa pepala lanu lembani: fulawa magalamu 225, majarini 55, mkaka mamililita 140, moto 220°C. Popeza masupuniwo ndi otumphuka, ndiye kuti soda ndi supuni imodzi yosalaza, cream of tartar ziwiri. Cream of tartar akasowa, ikani baking powder masupuni anayi osalaza m'malo mwa zonse ziwiri, kapena atatu ndi theka ngati muli kumalo okwera. Ndi chambiko, ikani soda theka la supuni ndi baking powder masupuni awiri.

Bukulo lingangoti rub in, osafotokoza. Sefani zouma zonse ndi kamchere, mufikise majarini wozizira ndi nsonga za zala mpaka zioneke ngati nyenyeswa. Thirani mkaka nthawi imodzi, musakanize ndi mpeni, musakande ngati buledi. Yalani mtandawo kukhuthala masentimita awiri, mudule ndi kapu popanda kupotoza, muphike mphindi 10 mpaka 12. Akalimba, mwakanda kwambiri. Akakhala apansipansi, mwina mtanda unali wopyapyala, moto unachepa, kapena baking powder anasuluka. Muyeseni pothira supuni m'madzi otentha: akapanda kuchita thovu, mutayeni. Ulendo woyamba phikani theka la muyeso, ndipo musinthe chinthu chimodzi chokha pa ulendo uliwonse, kuti mudziwe chimene chathandiza.

Zosayenera kutsatira

Pa kusunga zakudya m'mabotolo, mabuku akale musawakhulupirire. Nyemba, nandolo, chimanga chachiwisi, nyama ndi nsomba zotsekeredwa m'botolo n'kungowiritsa m'madzi zingabereke poizoni wa botulism, amene kawirikawiri sanunkha kapena kuoneka. Mbewu za bakiteriya wake sizifa pa 100°C, zimafuna poto wa presha wopangidwira ntchitoyo. Jamu, chatine (chutney) ndi zoviika mu viniga wambiri zilibe vuto limeneli. Borax kapena salicylic acid, mankhwala amene kale ankasungira chakudya, musathire m'chakudya ngakhale buku litero. Zophika za mazira aawisi musapatse ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala.

Kusamala mabuku

Adani ake ndi chiswe, mphemvu ndi chinyontho cha nyengo ya mvula. Shelefu ikhale yotalikirana ndi pansi, isagunde khoma, ndipo isakhale m'khitchini momwe muli nthunzi ndi utsi. Buku lokhala ndi tizilombo litsekereni m'pulasitiki louma, muliike mufiriza sabata imodzi, kenako mulisiye tsiku lathunthu lisanatsegulidwe kuti chinyezi chigwere kunja kwa pulasitikiyo. Lonyowa liimikeni motsegula pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa limapinda chikuto n'kuphwanyitsa mapepala. Selotepi musaike, guluu wake amalowa m'pepala n'kusiya banga losachoka. Buku lothothoka limangeni ndi kansalu, mulisunge m'bokosi.

Pophika, jambulani tsambalo pa foni kapena mulikopere m'kope, buku lenilenilo litsale pa shelefu. M'kopemo lembani dzina la buku, tsamba, miyeso imene mwasintha, moto umene munagwiritsa ntchito ndi mmene chophikacho chinatulukira.