Momwe mungaunikire chithunzi cha pamkuwa cha otsatira a Rubens

M'zaka za m'ma 1600, mzinda wa Antwerp, womwe lero uli m'dziko la Belgium, unkatulutsa tizithunzi tambirimbiri ta Yesu, Mariya ndi oyera mtima topentedwa pa mkuwa. Amalonda monga banja la Forchondt ankatitumiza ku Spain, tina mpaka ku Mexico. Akatswiri openta ngati Willem van Herp ankatengera kwambiri ntchito za wopenta wotchuka Peter Paul Rubens, yemwe anamwalira mu 1640. Mukapeza kachithunzi kotere, musathamangire kunena kuti ndi ka Rubens mwiniwake. Tsatirani izi.

Choyamba, katembenuzeni. Kuseri kwa mkuwa wakale kumakhala timabala ta nyundo, ndipo mwina mungapeze chidindo cha wosula mkuwa Peeter Stas kapena kadzanja, chizindikiro cha Antwerp. Koma chidindo chimangokuuzani za mkuwawo, osati za amene anapenta.

Chachiwiri, ndipo apa m'pofunika kudekha, yerekezani ndi chithunzi cha Rubens chenichenicho. Otsatira ake ambiri sankachiona ndi maso. Ankakopera pa zosindikiza, kutanthauza zithunzi za Rubens zomwe amisiri monga Lucas Vorsterman, Paulus Pontius kapena Schelte à Bolswert ankazigoba pa chitsulo n'kuzidinda pa pepala. Chosindikiza nthawi zambiri chimatuluka chotembenuka ngati pagalasi. Tengani chithunzi chotsitsa Yesu pamtanda chomwe Rubens anapentera tchalitchi chachikulu cha Antwerp pakati pa 1611 ndi 1614. Ngati pa kachithunzi kanu Yohane ali mbali ina, ndiye kuti wopentayo anali ndi pepala losindikizidwa pamaso pake. Onaninso mitundu: pepalalo linali lakuda ndi loyera basi, choncho wokopera ankadzisankhira yekha, ndipo mkanjo wofiira wa Yohane utha kusanduka wobiriwira.

Chachitatu, walitsani tochi cham'mbali. Mkuwa sumwa utoto, n'chifukwa chake mitundu imawala chonchi ndipo tsitsi limaoneka limodzilimodzi. Yang'anitsitsani manja ndi nkhope za anthu a kumbuyo, poti m'pamene wotsatira wofulumira amagwidwira. Ena mwa iwo anali aluso zedi, ndipo ineyo sindiona chifukwa chowanyozera: ntchito yawo inkalowa m'zipinda momwe anthu ankapempheramo.

Pomaliza, mukaona utoto ukukakatuka kapena dzimbiri lobiriwira, musapukute ndi madzi kapena mankhwala otsukira zitsulo. Kagwireni m'mphepete ndi manja awiri kuti kasapindike, popeza mkuwa ukapindika utoto umayoyoka. Kagonekeni chagada pamalo ouma mpaka katswiri wokonza zithunzi zakale atakaona.