Pedulo ya moto ikamanjenjemera mu Assetto Corsa

Pa mipikisano ya kalabu yathu mu Assetto Corsa, gemu ya pakompyuta ya mipikisano ya magalimoto, timathamangitsa galimoto ya Lotus 49 ya 1967 pa bwalo la Monza. Pamsewu woongoka anzanga ankangondipitirira, chonsecho nditaponda moto mpaka pansi. Ndinasintha magiya, ndinasinthanso polowetsa waya wa USB wa mapedulo pakompyuta, koma osathandiza.

Nditatsegula kachizindikiro koonetsa mapedulo, ndinaona moto ukunjenjemera, osafika pamwamba. Fumbi linali litalowa mu potentiometer, kachipangizo kamene kamayeza mmene mwapondera. Ndinazula mawaya, n'kumasula masikuluwu apansi, n'kupopera contact cleaner, mankhwala am'chitini otsukira zipangizo zamagetsi, pakampata ka potentiometer. Apa musapupulume: kanikizani pedulo mobwerezabwereza mankhwalawo adakali onyowa kuti litsiro lichoke mkatimo, kenako dikirani aume. Mafuta wamba ayi, amangoitana fumbi lina. Pomaliza ndinapanganso calibrate mapedulo onse, kutanthauza kuonetsa kompyuta poyambira ndi pothera pa pedulo iliyonse. Ndalama zinangopita pa kachitini kamodziko.