Momwe mungawerengere fomu ya mahatchi musanaponye kwacha yanu Loweruka

Mu shopu ina ya zobetcha ku Kabwata muli mudala wina amakhala pakona, anyamata onse maso ali pa mpira wa ku England koma iye ali phee ndi kabuku ka sukulu ndi bolopeni, akuyang'ana sikirini ya mahatchi. Ine nthawi imeneyo ndinkangosankha hatchi ya dzina lokoma, kapena nambala 7 poti ndinabadwa pa 7. Tsiku lina anandisuzumira pa silipi nkundifunsa kuti, "Iwe mwana, hatchi imeneyo inathamanga liti komaliza, ndipo kuti?" Ndinangoti kukamwa yasa. Zomwe ndilembe apazi zambiri zinayambira pa funso limenelo, zina ndaziphunzira ndi ndalama zanga zomwe sizinabwerere.

1. Onetsetsani kuti mahatchiwo ndi amoyo

Musaseke. Pa sikirini pamakhala mahatchi a pakompyuta aja othamanga pakangopita mphindi zingapo, usana ndi usiku. Amenewo alibe fomu (mbiri ya momwe hatchi yathamangira m'mipikisano yapitayi), makina ndi amene amasankha wopambana mwamaere, ndiye munthu akamakuuzani kuti "ndawapeza pateni yawo" mungomusiya. Tikukamba za mahatchi enieni odya udzu, otopa, odwala, amene amakhala ndi tsiku labwino ndi tsiku loipa.

2. Sankhani bwalo limodzi basi

Ife a kuno zophweka ndi za ku South Africa chifukwa nthawi yathu ndi yawo ndi imodzi, mpikisano ukalembedwa 14:35 ndiye ndi 14:35 ya ku Lusaka yomweyo. Mabwalo ake ndi Turffontein ku Johannesburg, Vaal, Greyville ku Durban, Scottsville ku Pietermaritzburg, Kenilworth ndi Durbanville ku Cape Town, komanso Fairview ku Gqeberha. Ku Harare kulinso Borrowdale Park. Za ku UK samalani ndi wotchi, ife timakhala patsogolo ndi ola limodzi nthawi yawo yotentha ndi maola awiri nthawi yawo yozizira.

Tsiku limodzi bwalo limodzi limakhala ndi mipikisano 8, 9 kapena 10. Kuwerenga bwino khadi limodzi lokha, ndiye kuti ndandanda wa mipikisano ndi mahatchi a tsikulo pa bwalolo, ndi ntchito ya ola lathunthu kapena kuposa, ndiye wina akamati watsata mabwalo anayi tsiku limodzi ameneyo akungoponya miyala mumdima. Ine ndinakakamira Turffontein ndi Greyville, manje mahatchi ambiri a kumeneko ndimawadziwa ngati ana a neba.

3. M'mawa wa tsikulo, yambani ndi nyengo ndi mahatchi ochotsedwa

Khadi limatuluka masiku angapo mpikisano usanachitike koma zinthu zimasintha. Hatchi ina imachotsedwa chifukwa yavulala, jockey (wokwera hatchi) wina amasinthidwa, ndipo mvula ikagwa usiku nthaka yasintha kale. Amalemba kuti firm, good, yielding, soft kapena heavy, kuchokera pa nthaka youma gwa kufika pa matope enieni. Pali mahatchi amene pouma amauluka koma akaponda ponyowa amangokhala ngati minibasi yodzaza pa msewu wa mu Kanyama mu February.

Kumbukirani kuti Johannesburg ndi Durban mvula yawo imagwa nyengo yofanana ndi yathu, pomwe ku Cape Town imagwa nthawi yozizira, June July uko. Ndipo ku Greyville ndi ku Fairview kuli njira ziwiri, ya udzu ndi ya Polytrack, yomwe ndi mchenga wosakaniza ndi ulusi, labala ndi phula. Mvula ikachuluka amatha kusamutsa mipikisano kuchoka pa udzu kupita pa Polytrack. Ine zinandichitikira, ndinawerenga khadi lonse Lachisanu usiku ndi tochi ya foni malaiti atapita, m'mawa nkuponya ndalama osayang'ananso, kumadzulo ndikuona mahatchi akuthamanga pa mchenga. Hatchi yanga inali isanapondepo pamenepo chibadwire, inafika ya chisanu ndi chiwiri.

4. Dziwani mtundu wa mpikisano

Maiden ndi wa mahatchi amene sanapambanepo. Handicap ndi pomwe hatchi yamphamvu amaisenzetsa katundu wolemera kuti onse afanane mphamvu. Pamwamba pali Listed, Grade 3, Grade 2 ndi Grade 1, kumene kuli akatundu enieni, monga Durban July ya pa Greyville yomwe imachitika Loweruka loyamba la July pa mtunda wa 2200m ndipo inayamba mu 1897, kapena Met ya ku Kenilworth mu January pa 2000m. Mwa njira, mu 2002 July anaitenga Ipi Tombe, hatchi yaikazi yobadwira ku Zimbabwe konkuno kwa aneba, ili m'manja mwa trena (wophunzitsa mahatchi) Mike de Kock.

Mpikisano wa maiden wodzaza ndi mahatchi ongoyamba kumene ine ndimaudumpha. Fomu palibe, muwerenga chani?

5. Tsopano manambala aja

Apa ndiye pagona nkhani. Pambali pa dzina la hatchi pamakhala manambala ngati 5-2-1-3, ndi malo amene inamalizira m'mipikisano yapitayi ndipo nthawi zambiri ya kumanja kwenikweni ndiyo yaposachedwa. Pa makhadi a ku UK 0 amatanthauza kuti inali kunja kwa 9 oyamba, P ndiye kuti jockey anaiimitsa isanamalize, F inagwa, U inagwetsa wokwera. Zilembo za C ndi D zikutanthauza kuti inapambanapo pa bwalo lomweli komanso pa mtunda womwewu, BF ndiye kuti ulendo wapita anthu ankaidalira kwambiri koma inagwiritsa mwala.

Vuto la anthu ambiri amaona 1-1-2 nkuthamangira ku kauntala. Ayi. Nambala payokha imanama. Tsegulani mzere wa mpikisano uliwonse muone zinthu zitatu: inathamanga ndi ndani, inasiyidwa ndi malefu angati, ndipo chinachitika ndi chani m'njira. Lefu imodzi ndi kutalika kwa hatchi, mamita awiri ndi kanthu. Hatchi yomwe inafika ya chisanu mu Grade 2 itasiyidwa ndi malefu awiri okha ndi yoopsa kuposa yomwe inapambana ka handicap kotsika. Zili ngati mpira, timu yomwe yaluza 1-0 mu Super League siyingafanane ndi yomwe yawina 4-0 mu ligi ya mu komboni.

Tiyerekeze mpikisano wa 1400m. Nambala 3 fomu yake ndi 1-1-4, nambala 8 fomu yake ndi 6-5-4. Maso amathamangira pa 3. Koma mukatsegula mupeza kuti 3 inapambana kawiri konseko pa 1000m, ulendo womwe anaiyesa pa 1400m inatsogola kenako nkuzima pa mamita 200 omaliza. Pomwe 8 ulendo wapita inachedwa kutuluka pa geti, inatsekeredwa njira pakati, koma inamaliza ikuthamanga kuposa onse nkusiyidwa ndi lefu imodzi ndi theka. Ine pamenepo 3 ndaikhwatcha kale. Ndemanga zazifupi zija za "slow away", "no clear run", "ran on well" muziziwerenga, ndipo ngati bandulo ilipo onerani vidiyo ya mpikisanowo, ndi mphindi ziwiri zokha.

Onaninso masiku amene yapuma. Hatchi yomwe yakhala miyezi inayi isanathamange nthawi zambiri imafuna ulendo umodzi kuti mpweya ubwerere, ngakhale pali matrena ena amene amaibweretsa ili yokonzeka kale. Ku South Africa sizoni imayamba pa 1 August ndipo tsiku lomwelo mahatchi onse amawerengedwa kuti awonjezera chaka, ndiye musadabwe zaka zikasintha pa khadi.

6. Mtunda, bwalo ndi geti

Hatchi iliyonse ili ndi mtunda wake. Za 1000m mpaka 1200m ndi zaliwiro, za 2000m kupita mtsogolo ndi zopirira, ndi zochepa zomwe zimatha zonse. Makhadi a ku UK amalemba ma furlong, imodzi ndi pafupifupi 200m, ndiye 6f ndi 1200m.

Geti lomwe hatchi ikutulukira ndi nkhani yaikulu pomwe pali kona. Greyville ndi bwalo lopanikiza, hatchi yotulukira geti 14 imayenera kuzungulira kunja kapena kutsalira kumbuyo, zonsezo ndi mamita otayika. Turffontein njira yake yaikulu ili ndi kokwera ndipo chigawo chomaliza ndi chachitali, hatchi yopanda mpweya imaululika poyera. Pomwe mpikisano ndi wowongoka wopanda kona, ngati 1200m ya ku Scottsville, onerani mipikisano iwiri yoyamba muone mbali yomwe opambana akudutsira. Komanso Johannesburg ili pamwamba, mamita oposa 1,700, hatchi yochokera kunyanja ikakwera kumeneko ine ndimaikayikira kaye.

7. Katundu amene yasenza

Ku South Africa amalemba makilogalamu, jockey ndi chishalo chake pamodzi, ndipo hatchi iliyonse ili ndi merit rating, mapointi osonyeza mphamvu zake. Mu handicap mapointi awiri ndi kilogalamu imodzi. Hatchi ikapambana amaikweza mapointi, ndiye ulendo wotsatira yasenza zambiri, nchifukwa chake 1-1 uja nthawi zina amathera pomwepo. Ine ndimakonda kufufuza hatchi yomwe mapointi ake atsika kufika pomwe inapambanirapo kale. Jockey wophunzira amachotseredwa katundu, 4kg, 2.5kg kapena 1.5kg malinga ndi mipikisano yomwe wapambana, koma dziwani kuti mwana ndi mwana, pa kona akhoza kutsekeredwa ndi akuluakulu. Ndipo kilogalamu imapweteka kwambiri pa 2400m m'matope kusiyana ndi pa 1000m pouma.

8. Jockey ndi trena

Izi ndidutsa mwachangu poti aliyense amaziona. Mayina a matrena ngati Justin Snaith, Sean Tarry, Mike de Kock kapena jockey Richard Fourie, yemwe mu sizoni ya 2023/24 anaphwanya rekodi ya Anthony Delpech yopambana mipikisano 334 mu sizoni imodzi, akaoneka pa khadi mtengo (maodi) umatsika nthawi yomweyo chifukwa dziko lonse lathamangira komweko. Chomwe chimathandiza ndi ichi: trena akaika mahatchi awiri mu mpikisano umodzi, onani kuti jockey wake wamkulu wakwera iti. Onaninso ngati aiveka ma blinkers koyamba, timakapu totchinga maso m'mbali tija, nthawi zina hatchi yamphwayi imadzuka nato.

9. Mtengo

Mukafika apa mwa mahatchi 12 mwatsala ndi atatu kapena awiri. Ndiye musanayang'ane maodi, lembani nokha kuti mukanati mpikisanowu uchitike ka 10, hatchi yanuyo ingapambane kangati. Kenako yerekezani. Gawani 100 ndi maodi: 3.50, yomwe ena amalemba 5/2, ikupatsani pafupifupi 29, kutanthauza kuti kampani ikuti ipambana pafupifupi katatu pa ka 10, ndipo K20 ikubwezerani K70. Ngati inu mwaona kuti ndi kanayi pa ka 10, mtengo umenewo ndi wabwino. Ngati ili pa 1.80 ndiye ikufunika kupambana ka 56 pa 100 kuti mungobweza zanu, ine pamenepo ndimabweza foni m'thumba ngakhale hatchiyo ndiikonde bwanji.

Hatchi yodaliridwa kwambiri imapambana pafupifupi kamodzi pa katatu, ndiye kawiri konse anthu amalira. Ndipo mukaphatikiza maperesenti a mahatchi onse mupeza apitirira 100, chopitiriracho ndi chakudya cha kampani, chimadulidwa musanayambe nkomwe. Za matipsi a pa WhatsApp aja oti "sure banker, tumizani K50 pa MoMo", munthu wodziwa hatchi yopambana angavutikirenji ndi K50 yanu?

10. Kubetcha kwake

Win ndi kupambana basi. Place ndi kulowa m'malo oyamba, koma kuchuluka kwa malowo kumadalira mahatchi alipo angati, funsani kapena werengani malamulo a komwe mukubetchako. Swinger mumasankha awiri oti alowe mu atatu oyamba, exacta ndi woyamba ndi wachiwiri mwa ndondomeko yake, trifecta atatu, quartet anayi. Pick 6 ndiye kupeza opambana m'mipikisano 6 yotsatizana, ndalama zake zimakopa koma kwa woyamba kumene ndi dzenje. Yambani ndi win ndi place. Onaninso pa silipi zomwe akudula za msonkho kuti musakakangane ndi mtsikana wa pa kauntala, iye sanalembe lamulo. Osakwana zaka 18 izi si zanu.

Ndalama ya tsikulo ipatuleni m'mawa, ikhale yoti ikapita unga ndi lendi sizigwedezeka, ndipo muigawe mofanana. Ngati ndi K60, ndi K20 katatu, yatha yatha, palibe zokatapa kaloba kuti mubwezere pa mpikisano womaliza. Mipikisano itatu pa 9 ndi yokwana, masiku ena ine ndimapeza umodzi wokha, masiku ena ziro ndimangoonera.

Kenako gulani kabuku ngati ka mudala uja. Lembani deti, bwalo, nambala ya mpikisano, hatchi, maodi, ndalama, chifukwa chomwe munaisankhira, ndi zomwe zinachitika. Kumbuyo kwake muzilemba mahatchi amene mwawaona akutsekeredwa kapena kumaliza mwamphamvu, kuti mudzawadikire ulendo wina. Ine nditawerengetsa miyezi itatu yoyamba ndinapeza kuti pa win ndinali pafupifupi pomwe ndinayambira, koma ma trifecta anali atandidyera ndalama yokwana thumba la unga la 25kg kangapo ndithu. Nditamuonetsa mudala anangotembenuza mapeji, nkuloza tsamba la trifecta ndi bolopeni yake, nkuti, "Ili ling'ambe."