Phunziro lopewa kudzipha kusukulu: zomwe makolo ndi makomiti angachite

Makolo anzanga a ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Dzivarasekwa muno mu Harare, msonkhano wa SDC, komiti yotukula sukulu, ukaitanidwa timathera nthawi pa fizi ndi zimbudzi. Ulendo uno mukawafunsenso ahedi kuti ola la Guidance and Counselling likuphunzitsidwadi, kapena lidalandidwa ndi masamu pokonzekera mayeso a ZIMSEC, bungwe la mayeso m'dziko muno. Mu ola limenelo ndi momwe ana ayenera kumva za matenda okhumudwa ndiponso kopita maganizo akawakulira.

Madera ena adachita kulemba lamulo. Ku Tennessee, m'dziko la America, Jason Flatt Act ya 2007 idati mphunzitsi aziphunzira maola awiri chaka chilichonse za kupewa kudzipha kwa achinyamata. Ku New York, kuyambira 2018, sukulu zimaphunzitsa za umoyo wa maganizo pamodzi ndi zaumoyo zina. Kuno ku Zimbabwe lamulo la maphunziro lomwe lidakonzedwa mu 2020 limaletsa kukwapula ana, kuchotsa mtsikana chifukwa cha mimba, ndi kubweza mwana chifukwa cha fizi. Lidziweni bwino, pakuti manyazi obwezedwa pageti anzake akuona amamupweteka mwana kuposa momwe timaganizira. Komabe lamulo silingalowe lokha m'kalasi ngati komiti ili chete.

Pemphani kuti mphunzitsi wodziwika ndi dzina akhale wolandira ana ovutika, ndipo akhale ndi malo okambirana opanda makutu a ena. Khonde la ofesi ya ahedi, komwe amadikirira olakwa, si malo amenewo. Phunzirolo lizinena za zizindikiro ndi kopeza thandizo, osafotokoza njira zomwe ena adadziphera. Sukulu ikaferedwa mwana mwa njira imeneyi, pasakhale kulongosola tsatanetsatane pa asembule, ndipo makolo tisagawane zithunzi pa WhatsApp. Anzake ofooka amatengera.

Kunyumba ndiye kuli ntchito yambiri. Mwana yemwe ankathamangira mpira akayamba kungodzitsekera, nsima nkumangoiyang'ana, tulo osapeza kapena kugona usana wonse, magiredi nkutsika, musafulumire kunena kuti ndi ulesi kapena walodzedwa. Zikapitirira masabata awiri, mwina ndi matenda, ndipo amachizika. Mvetserani mawu ngati akuti "ndine katundu chabe pakhomo pano" kapena "simudzavutikanso nane". Onetsetsaninso akayamba kugawa zinthu zomwe amazikonda. Ana athu ena amasenzanso chitonzo chotchedwa mabwidi, dzina lonyoza anthu omwe kwawo kwenikweni ndi ku Malawi, ena akusowa setifiketi ya kubadwa pomwe kulembetsa mayeso kwayandikira, ndipo sanena.

Mufunseni mosabisa. Ambiri amaopa kuti kufunsa nkumupatsa nzeru yoipa, koma akatswiri adapeza kuti sizitero; kawirikawiri mwana amapepukidwa kuti wina waona. Sankhani nthawi yomwe muli awiri, monga posadzula ndiwo kapena pochokera ku Mbare Musika, ndipo nenani kuti: "Mwana wanga, masiku ano sukuoneka bwino. Kodi umaganizako zodzipha?" Mukatero khalani chete, ayankhe m'chilankhulo chomwe chimubwerera, kaya Chishona kaya Chingerezi. Musamulalikire, musamuuze kuti mwamuna salira. Ngati bambo mukuona kuti mwana amakuopani, tumani azakhali, amalume kapena agogo omwe amagwirizana naye.

Akavomera, musamusiye yekha. Mankhwala a m'munda, a makoswe ndi mapilisi a akuluakulu zichoke pawindo, zikhomeredwe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo limaika kubisa zinthu zoopsa pakati pa njira zodalirika zopewera, chifukwa mphindi yoopsayo nthawi zambiri imadutsa.

Thandizo lili pafupi. Bungwe lothandiza ana la Childline limayankha foni pa nambala 116 kwaulere. Pa makiliniki ambiri a khonsolo pali Friendship Bench, yomwe Dr Dixon Chibanda adayambitsa ku Mbare komwe kuno mu 2006: azigogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi ndi munthu, kumufunsa mafunso 14 oyezera kulemera kwa vuto, nkumuthandiza kumasula mavuto limodzilimodzi. Vuto likakula, kapena mwana wadzivulaza kale, pitani naye msangamsanga kuchipatala. Zipatala za Parirenyatwa ndi Sally Mugabe zonse zili ndi mbali ya matenda a maganizo. Pemphero la kumpingo kapena kumzikiti lipitirire, koma liyendere limodzi ndi chipatala.

Khalani tcheru kwambiri zotsatira za Giredi 7 ndi O Level zikamatuluka. Muuzeni mwana zisanatuluke kuti akalephera adzabwereza, ndipo pa tsikulo wina wamkulu apite naye kokazitenga.